Tsiku Limene Ndinalowa Pansi pa Galimoto ya Maliro

Iwe Mayamiko, bwera kuno, usabisale kumbuyo kwa mlongo wako. Ndamva kale. M'mudzi muno nkhani imathamanga kuposa galimoto yakoyo. Akuti dzulo pobwera kuno munatitimira pa dambo paja, ndipo iwe mwini laisensi yatsopano unatenga chingwe n'kukoleka pa kampira kachitsulo kakumbuyo kaja, galimoto ina n'kukukokani. Akuti munatuluka bwinobwino mpaka kujambulana. Chabwino. Munatuluka chifukwa Mulungu sanatope nanu. Khalani pansi nonse. Iwenso Tadala, siya kaye kukanda foniyo. Ndikuuzeni za dambo lomwelo, chifukwa ine ndinagonamo chagada nditavala suti.

Ana inu mumandiona ngati wa konkuno ku Jenala. Ayi. Ine kwathu ndi ku Ntchisi, kutali, kumene simunafikeko ndipo mwina simudzafikako. Ndinabwera ku Phalombe ndili mnyamata, kudzagwira ntchito ya udalaivala pa chipatala china cha mishoni. Ndinafika ndi sutikesi yamalata ndi bulangete limodzi. Sindinkadziwa munthu. Madzulo ndikaimika galimoto ndinkakhala pakhonde n'kumayang'ana phiri, lalikulu, lakuda bii, lotseka theka la thambo. Kwathu kulibe phiri lotero. Anthu ankandilonjera bwino ndithu, koma akafuna kuseka zawo ankalowa m'Chilomwe, ine n'kutsala panja.

Amene anayamba kundiseka m'Chichewa, kuti nanenso ndimve, anali agogo anu aakazi, a Felesiya. Ankagulitsa chinangwa chophika ndi kalongonda pa geti la chipatala. Inu kalongonda simumudziwa, mumangodziwa tchipisi. Ndi nyemba zimene zimafuna kuphika tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuthira ena, apo ayi mutu umazungulira. Tsiku loyamba ndinafunsa kuti kodi zapsa bwino. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kunena kuti, "A dalaivala, mukapenga ndikakuperekezani ndekha ku wodi, si apa pomwepa?" Ndinagula. Mawa lake ndinagulanso, ngakhale kunena zoona sankandikomera.

Titakwatirana ndinakhala mkamwini. Kuno mwamuna ndiye amapita kwa mkazi. Malo ndi a mkazi, ana ndi a mkazi ndi abale ake, iwe ndiwe mlendo wolemekezeka basi. Nyumba ino ndinamanga ine, pa dothi la a Felesiya. Koma ntchito inatisunga ku mishoni, moti kuno tinkangobwera nthawi yolima ndi yokolola. Alamu anga a Nampinga, achimwene awo a agogo anu, amene anali mwinimbumba, zimenezi sizinkawasangalatsa. Sanali munthu woipa. Ankangoona kuti mlongo wawo watengedwa ndi munthu wa kutali, amene ngakhale moni wa Chilomwe ankamupotoza.

Ntchito yanga inali ya pamsewu, ndipo misewu ya nthawi imeneyo musaiyerekeze ndi ya lero. Mvula ikayamba, makande a kuchigwa kuno ankasanduka phala. Tinkayenda ndi khasu, fosholo, jeke, chikwanje ndi chingwe chachikulu, zonse kumbuyo kwa mpando. Ulendo wokatenga mayi woyembekezera ku Chiringa unkatha kudya tsiku lonse. Ndikabwerako, matope mpaka m'makutu, ndinkagogoda pachitseko ndi chala. Agogo anu ankadziwa kugogoda kwanga, koma ankafunsabe dala. "Ndani?" Ine, "Ndine dalaivala." Iwo, "Mwachedwa, bambo a Joyisi. Ndiwo zazizira." Mawu ake anali omwewo nthawi zonse, kaya ndafika masana, kaya madzulo. Joyisi ameneyo ndi mayi anuwo, amene lero akukalipirani za mbale zosatsuka.

Zomanga chingwe anandiphunzitsa dalaivala wamkulu amene ndinamupeza pa mishoni, a Likoswe. Iwo sankaphunzitsa ali chiimire. Ankakugoneka pansi pa galimoto n'kukupatsa sipanala kuti uzigogoda chitsulo chilichonse. "Ichi n'chiyani?" Bampala. "Wagwidwa ndi chiyani?" Timabawuti ting'onoting'ono. "Ndiye ukufuna timabawuti timeneti tinyamule galimoto yonse pamodzi ndi matope ake?" Ankati galimoto ili ndi msana wake, zitsulo ziwiri zikuluzikulu zoyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, zimene timati chasisi. Chingwe chimamangidwa pa ngowe yolumikizidwa ku msana umenewo ndi mabawuti onenepa, ndipo usanamange uyambe wakanda matope, uone ngati dzimbiri silinadye, ugwedeze ngati sikusewera. Pa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala, ayi, umachipinda. Pa ndodo ya chiwongolero ayi, ukatuluka m'matope matayala akuyang'anizana. Timphete tating'ono tija mumationa pansi, n'tomangira galimoto isagwedezeke ikanyamulidwa pa lole, si tokokera.

Koma chimene a Likoswe ankadana nacho koposa ndi kampira kako kaja, Mayamiko. Kamakopa maso. Kali poyera, kosafuna kugwada, chingwe chimangolowa chokha. Koma anakapangira ngolo yoyenda pang'onopang'ono pamsewu wabwino. Ine ndinakaona kakuduka. Tinali pa mtsinje wina m'munsi mwa phiri, lole ya matabwa ikukoka pikapu ya ogula nandolo. Lole itanjanja kamodzi tinangomva phaa! Palibe anaona kanthu kakuuluka. Tinakapeza kampirako katalowa m'thunthu la mango, ndipo tinalephera kukatulutsa ndi chikwanje. Pamtengo pomwepo panali patatsamira munthu, anali atangochokapo kukapempha moto wa fodya. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona chingwe pa kampira, ndimapita kukachichotsa.

Zaka zinapita. Matipate anabwera, anthu anayamba kuvala nsalu za mitundumitundu, magalimoto a zimkuzamawu n'kumadutsa m'midzi. Chaka china cha kampeni, mvula ili pakati, agogo anu anadwala. Anagonekedwa pa chipatala chomwecho chimene ndinkagwirapo ntchito. Azimayi a kuno anabwera kudzawadikirira, anadzaza mbali zonse za bedi, ine ndinkangosuzumira pakati pa maulendo. Ndikafika, wina akuwamwetsa phala, wina akupemphera, wina akuwasisita mapazi. Mwamuna umaima kumapazi kwa bedi, kufunsa kuti mwadzuka bwanji, basi n'kutuluka. Ndinkati akachira tidzacheza.

Tsiku limene anatisiya ndinali nditatumidwa kukatenga wodwala wina kutsidya kwa mtsinje. Madzi anali atadzaza, tinadikira kuti aphwe. Pobwera ndinamva kulira ndili pa geti, pamene paja ankagulitsira kalongonda. Ndinalowa m'wodi, anali atawaphimba kale. Azimayi anali ponseponse. Wina anandigwira mkono n'kunditulutsa, wina anandikhazika pa benchi. Kuyambira pamenepo ndinakhala namfedwa, ndipo namfedwa sagwira kanthu, sayankhula zambiri, amangokhala pamene amukhazika.

Tsopano mvetsani chimene chinali pamutu panga. Mkazi akamwalira, pakapita nthawi abale ake amachita mwambo wosudzula mwamuna. Amamumasula, kumuuza kuti ukwati watha, akhoza kubwerera kwawo. Ana amatsala. Mayi anu nthawi imeneyo anali mtsikana wa ku sekondale, amalume anu a Devisoni anali wamng'ono. Kuti ine nditsale nawo kapena ndinyamule sutikesi yanga yamalata kubwerera ku Ntchisi ndekha, zinali m'kamwa mwa a Nampinga.

M'mawa mwake tinanyamuka ndi maliro kubwera kuno. A mishoni anapereka pikapu yanga yomwe, koma chiwongolero anapatsa dalaivala mnzanga, munthu wozolowera tala amene anali atangobwera kumene kuchokera ku tauni. Ine anandikhazika kumbuyo, pambali pa bokosi, pakati pa azimayi a mpingo akuyimba. Ndinavala suti yanga imodzi yomweyo, imene agogo anu anandisankhira pa kaunjika. Titayandikira dambo ndinaona kuti akulunjika pakati, pamene madzi amaoneka osalala. Ndinafuna kumenya denga kuti adzere kumanzere, kokwera. Dzanja ndinalikweza, koma mayi wina analibweza pa bondo langa mwaulemu. Mphuno ya galimoto inalowa m'makande mpaka magetsi.

Anthu anatsika. Bokosi a Nampinga anakana kuti litsitsidwe, ndipo sindiwanena, paliponse panali madzi. Ine anandiimika pa chulu pambali pa msewu, mkulu wina wa mpingo atandigwira phewa. Amuna a m'midzi yapafupi anabwera ndi makasu, poti maliro sapempha munthu kawiri. Anatenga chingwe changa chomwe, n'kumanga pa bampala wakutsogolo. Anayambitsa nyimbo yokokera. Anakoka, anakokanso, ndipo bampala anazuka ngati dzino lovunda, amuna onse chagada m'matope. Galimoto sinasunthe n'pang'ono pomwe.

Pamenepo nyimbo ya azimayi inaduka. Gogo wina ananena mokweza, m'Chichewa kuti ndimve bwino, "Akukana. Mwana wathu akukana." Kenako onse analowa m'Chilomwe.

Ana inu mwina mukuseka mumtima, koma kuno galimoto ya maliro ikakanirira panjira, anthu sayang'ana matayala. Amati womwalirayo ali ndi chifukwa, pali amene anamulakwira. Ndipo safufuza kutali. Chilomwe sindinachidziwe mpaka lero, koma maso ndimawamva. Onse ankandiyang'ana pang'ono n'kubweza nkhope. Mkamwini amene anasunga mwana wawo kutali, amene sanalipo n'komwe pamene ankatsirizika. A Nampinga anapita pambali pa bokosi, anavula chipewa, n'kuyamba kuyankhula ndi mlongo wawo motsitsa. Ndinamva dzina langa likutchulidwa. Ndinaima pa chulu paja pakati pa anthu ochuluka chotero, ndipo sindinakhalepo ndekha ngati tsiku limenelo.

Kenako kumbuyo kunatulukira galimoto ya kampeni, ya munthu wina amene ankafuna uphungu, zimkuzamawu zili padenga. Masiku amenewo ofuna mavoti sankadutsa maliro. Anazimitsa nyimbo zawo, dalaivala wake anatsika n'kunena kuti atikokera chambuyo, tibwerere pouma, kenako tidzere m'mbali. Maganizo anali abwino. Anatenga chingwe, anamanga kutsogolo kwa galimoto yake, mbali inayo n'kukoleka pa kampira ka pikapu yanga. Anati asendera kutsogolo pang'ono kuti chingwe chikhale lende, kenako anjanje mwamphamvu kamodzi.

Ndinayang'ana kumene kampirako kakanalowera. Azimayi a mpingo anali ataima mondondozana m'mbali mwa chingwe, chifukwa ndi pokhapo panali pouma. Kutsogolo kwawo, pafupi penipeni, panali Joyisi atagwira dzanja la Devisoni. Kampira kameneko ndinkakadziwa, khosi lake linali litadyeka ndi ngolo ya nkhuni.

Ndinachotsa dzanja la mkulu wa mpingo paphewa panga n'kutsika pa chulu.

"Alamu, mukupita kuti?" anatero a Nampinga. "Bwererani. Namfedwa sagwira ntchito. Mukufuna anthu atiseke?"

"Alamu," ndinatero, "manda amene akumba kumudzi ndi amodzi. Mukakoka chonchi, mutumize uthenga akumbe ena."

Sindinayambe ndawayankhapo chotero chikwatirire mlongo wawo. Ndinadziwa kuti mwina mawu amenewa andikwezetsa basi ya ku Ntchisi. Ndinadziwanso kuti ndikagwira chingwe ine, galimoto n'kukanabe, palibe adzakayike kuti a Felesiya akukana ine. Koma Joyisi anali ataima pamene anaimapo.

Ndinachotsa chingwe pa kampira. Ndinapempha azimayi kuti apite kutali, kupitirira kutalika kwa chingwe, ngakhale kunali madzi. Anapita akung'ung'udza, nsalu atakwinya. Ndinagwada kutsogolo kwa galimoto ya kampeni, ndinapeza kuti dalaivala uja anamanga pa ngowe yeniyeni, mabawuti ake ali bwino. Ndinapempha amuna a makasu kuti akumbe kumbuyo kwa matayala onse, achotse makande amene anagwira mimba ya galimoto, aponyemo nthambi. Chingwe sichiyenera kulimbana ndi dambo lonse chokha. Kenako ndinavula jekete, ndinagona chagada, n'kulowa pansi pa pikapu chakumbuyo, pamene panali potukuka chifukwa mphuno inali itamira.

Mayi anu akamakamba nkhani imeneyi amati ndinakhalitsa pansipo. Amati anthu anayamba kuyang'anizana, ena kumati mwina ndakomoka. Amati ngowe inali itakwiririka m'matope ndiye ndinavutika kuipeza. Ndi mmene amaidziwira iwo, ndipo sindinawatsutsepo.

Nditatuluka ndinanyika jekete lija m'madzi n'kuliyanika pakati pa chingwe, kuti chikaduka chigwe pansi m'malo mokwapula munthu. Gogo uja anagwira pakamwa poona suti ya maliro ikuchitidwa zotero. Ndinauza dalaivala wa kampeni kuti kunjanja ayi. Abwerere pang'onopang'ono mpaka chingwe chilimbe, ndiyeno azikoka mosalekeza, mnzanga uja akuthandiza ndi giya ya mbuyo. Chingwe chinawongoka, madzi n'kumadontha. Chinalira. Makande anachita ngati akumeza mate, ndipo pikapu inayamba kubwerera, pang'ono, pang'ono, mpaka matayala onse anaponda pouma.

Palibe anaombera m'manja, pamaliro satero. Mayi wina anangoyambitsa nyimbo pamene inadukira. Tinadzera kumanzere, kokwera, ndipo agogo anu anafika kwawo dzuwa lisanapendeke. Ndinawaika m'manda ndili matope kuyambira kumutu mpaka kuphazi. A Nampinga sanandiyankhule tsiku limenelo, ngakhale sabata imeneyo.

Nthawi yosudzula inafika titakolola. Tinakhala pabwalo apo, pamene pali khola la mbuzi lero. Sutikesi ndinali nditalongedza kale, ndinaibisa kuseri kwa chitseko kuti ana asaione. A Nampinga ananena mawu onse a mwambo, kuti ndamasuka, ukwati watha, njira ya kwathu ndi yotsegula. Ndinayankha kuti zikomo. Kenako a Nampinga anayamba kukanda pansi ndi kamtengo.

"Mlongo wanga sanakane," anatero. "Tonse tinaona. Munda wake ukufuna wolima, ana akufuna wowalipirira sukulu. Nyumba munamanga nokha. Ngati kwanu sakukufunani msanga, khalani."

Ndinakhala. Ana anakula n'kupita ku tauni, monga ana amachitira. A Nampinga tinadzazolowerana ku ukalamba, tinkakhala limodzi pansi pa mtengo osayankhulana zambiri, nawonso anapita. Azimayi amene ankayimba tsiku lija atsala owerengeka. Ngakhale Chilomwe chimene ankandinenera chija sindichimvanso kawirikawiri, ndipo mudzadabwa, ndimachisowa. Ku Ntchisi amene ankandidziwa anatha. Kuno mpaka lero ana a m'mudzi amati "kwa a dalaivala", ngati ndangobwera dzana. Inu mukapita mawa, nyumba ino ibwerera mwakale, ine ndi wailesi.

Ndiye Mayamiko, galimoto ikatitimira usamachite ulesi kugwada. Lowa pansi, ufunefune msana wake, ukande matope, ugwedeze ngowe. Anthu uwathamangitsire kutali ngakhale akutukwane. Malaya amachapika.

Koma poti mwakula, ndikuuzeni chimene mayi anu sadziwa. Ngowe ija sindinavutike kuipeza. Galimoto imeneyo ndinkaidziwa ngati chikhatho changa, ngoweyo ndinkaipaka girisi ndekha mvula isanayambe. Dzanja linangofikira pomwepo, ndinagwedeza, inali nganganga, ndinamanga, zinatha.

Ndiye nditati ndizituluka, ndinayang'ana m'mwamba. Pamwamba pa nkhope yanga panali chitsulo cha pansi pa pikapu, ndipo pamwamba pa chitsulocho panali bokosi. Miyendo ya anthu inali kutali. Panalibe wondigwira phewa, panalibe wondibweza dzanja. Chiyambire kudwala kwawo, aka kanali koyamba kuti ine ndi agogo anu titsale awiriwiri, ndipo ndinadziwa kuti n'komaliza.

Ndinapukuta chala pa malaya. Ndinagogoda pa chitsulo chija, mmene ndinkagogodera pachitseko.

"Ndine dalaivala, amake Joyisi," ndinatero. "Ndachedwa."

Ndinadikira ndithu, madzi akulowa m'makutu, monga amadikirira munthu amene wagogoda pakhomo pake. Kenako ndinatuluka n'kuwauza kuti akoke.